Ofunika chisamaliro chapadera pakhomo, nanga zogulagula mukuzikwanitsa bwanji?

Mayi wa awiri:
Moni nonse pa gulu pano. Mnyamata wanga ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo, ndipo zomwe amalola kuika mkamwa ndi zochepa zedi, mpunga woyera wopanda kalikonse, buledi wa kampani imodzi yokha, mazira owiritsa, yogati ya mtundu umodzi, basi. Nde malangizo omwe anthu amapereka aja oti uzigula zotchipa, uzisintha kampani ukaona selo, uzigula zambiri nthawi imodzi, kwa ife sakugwira. Ndikagula buledi wina samukhudza ngakhale kumununkhiza, mawa lake ndabwerera kushopu kukagula wakale uja, ndalama zatuluka kawiri. Komanso kulowa naye mushopu ndi nkhondo, magetsi owala aja, nyimbo, mashini a pa kauntala akungolira piii piii, amatseka makutu nkuyamba kukuwa anthu onse maso pa ine. Womusiyira nthawi zambiri ndilibe. Anzanga mukutani kuti ndalama ndi mphamvu zisamathere mushopu?

Wowerengera:
Mayi pepani, nkhani imeneyi ambiri pano tikuidziwa. Ine chomwe chinandithandiza ndi kugawa listi pawiri. Mbali imodzi ndi zinthu za mwanayo zomwe sizisinthidwa olo zitadula bwanji, zimenezo musamalimbane nazo nkomwe, gulani zomwe amadyazo ndipo mukazipeza pa selo tengani zambiri ngati sizionongeka msanga. Mbali inayo ndi zina zonse, sopo, mafuta ophikira, mchere, shuga, tishu, zotsukira mbale, zakudya za ena nonse, apo ndi pamene muzifinya mpaka zilire. Mwana sadziwa kuti sopo wochapira ndi wa kampani yanji, pokhapokha ngati fungo limamuvuta. Pakhomo ponse zinthu zosasinthikazo zimakhala zochepa, kungoti zimatidya mutu nde timaona ngati bajeti yonse yamangika.

Bambo wa mapasa:
Zoona zimenezo. Kwathu vuto ndi lina, mmodzi mwa mapasa anga ali ndi cerebral palsy, vuto la ubongo losokoneza kayendedwe ka thupi, ndipo kumeza kumamuvuta, amatsamwa ndi chilichonse cholimba. Timabotolo ta zakudya zogayagaya ta ana tija ndi tabwino koma mwana akakula amadya tingapo pa kudya kamodzi, mungathe malipiro onse. Ife timaphika poto mmodzi wa banja lonse, tisanathire tsabola ndi mchere wambiri timapatula gawo lake nkuligaya mu blenda ndi msuzi womwewo. Loweruka timagaya zambiri, kuthira mu timathireyi topangira ayisi, zikauma kukhuthulira mmapepala a pulasitiki nkulemba tsiku ndi dzina la chakudya. Mkati mwa sabata nkungotenga timabuloko tingapo kutenthetsa. Blenda yabwino inatidula tsiku logula koma inabweza ndalama yake kalekale.

Anti Nesi:
A bambo wa mapasa mwachita bwino, ndingoonjezerapo kwa ena omwe angafune kutengera. Kugaya kokha sikukwanira, chofunika ndi kulimba kwake kuti kugwirizane ndi mmene mwanayo amamezera, ndipo amene amakuuzani mlingo ndi dokotala wa zolankhula ndi kumeza. Pali muyezo wa padziko lonse wotchedwa IDDSI, umayambira 0 mpaka 7, zakumwa ndi 0 mpaka 4 zakudya ndi 3 mpaka 7. Mlingo 4 ndi chogayiratu chosalala chomwe chimakhazikika pa supuni koma mukaipendeka chimagwa chonse pamodzi. Mlingo 5 ndi tizidutswa tonyowa, kwa ana tisapose mamilimita 2, akulu 4. Mlingo 6 ndi zofewa zodulidwa, ana mamilimita 8 akulu 15. Zakumwa zimayezedwa ndi sirinji ya 10 ml, mumadzaza nkusiya zidonthe masekondi 10 kenako kuona zomwe zatsala. Zonsezi mutha kuchita kukhitchini kwanu ndi foloko, supuni ndi sirinji, nde mukadziwa mlingo wa mwana wanu simukakamizika kugula zokonzeratu zodula zija.

Chenjezo limodzi, ufa wolimbitsira zakumwa uli mitundu iwiri, wa sitachi ndi wa xanthan gum. Wa sitachi umakhala wotchipirapo koma malovu amausungunula, kapu ikakhalitsa mwana akumwa pang'onopang'ono imabwereranso kukhala madzi. Ndipo makanda musawapatse ufa uliwonse wotere dokotala asananene.

Bambo wa mapasa:
Eee za malovuzo ndi zoona anti, timaziona, supuni ikangobwerera mkapu kangapo zayamba kale kupyapyala. Timathira pang'ono pang'ono mkapu ina m'malo momwetsa kuchokera mu yaikulu.

Agogo osatopa:
Ana anga mukamati gulani zambiri nthawi imodzi ine ndimangoseka. Mdzukulu wanga ali ndi Prader-Willi, iyeyu sakhuta, ubongo wake sumuuza kuti basi wakwana, chakudya chikakhala mnyumba maganizo ake onse amakhala pomwepo ndipo usiku amadzuka kukasaka. Kabati ndi filiji zili ndi loko. Nde thumba lalikulu la chilichonse ndimagula inde chifukwa ndi lotchipa, koma limakhala kwa mwana wanga wina, ndimakatapako za masiku ochepa. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti langizo limodzi silikwanira nyumba zonse. Akale ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chakudya chotchipa ndi chomwe chalowa mmimba mwa amene munamugulira mwa mlingo wake, chomwe chatayidwa kapena chadyedwa chonse usiku umodzi chakudulani ngakhale munachipeza pa theka la mtengo.

Mayi wa awiri:
Agogo mwandilankhulira. Zomwe ndimataya pa mwezi ndikaziwerengera mutu umandiwawa, zambiri ndi zoti ndimati mwina ayesako.

Mphunzitsi wa kalasi yapadera:
Pa zoyesazo mayi, musamagule paketi yonse chifukwa cha mwanayo. Chatsopano chizichokera pa zomwe ena nonse mukudya kale tsiku limenelo, kachidutswa kochepa ngati nsonga ya chala, pa kambale kena pambali, osati pa mbale yake chifukwa chikakhudza chakudya chake akana zonse. Akachiyang'ana chabe zili bwino, akachigwira zili bwino, palibe ndalama yatayika. Akatswiri amagwiritsanso njira yolumikiza zakudya, kuyambira pa chomwe amadya kale nkumasintha kanthu kamodzi kokha, mwachitsanzo buledi yemweyo koma wowotchako pang'ono, kapena wodulidwa mwa mtundu wina, kenako patapita nthawi wa kampani ina wofanana naye. Zimachedwa koma sizidya ndalama.

China, ana ambiri otere amakhulupirira paketi kuposa chakudyacho. Kampani ikangosintha mtundu wa pepala basi mwana wasiya kudya, chonsecho zamkati ndi zomwezo. Nde yambani pano zinthu zisanasinthe, muzikhuthulira mu kontena yanu imodzimodzi iye akuona, azolowere kontenayo. Ena amati ndi kumunamiza, ayi, musamusakanizire zinthu mobisa chifukwa akazindikira amasiya ngakhale chomwe ankadya, ingomuzolowetsani kuti chakudya chake chimachokera mu kontena ya buluu ija.

Anti Nesi:
Ndipo ngati zakudya zikucheperachepera kapena sikelo yasiya kukwera kawoneni dokotala. Kukana chakudya kotere kukafika poipa kuli ndi dzina lake, ARFID, kunalowa mu buku la madokotala a zamaganizo la DSM-5 mu 2013, si matama a mwana kapena kulera kolakwika ngati mmene achibale amanenera.

Wongolowa kumene:
Moni akuluakulu, ndangolowa dzulo. Ine ndinamva kuti ana a autism akasiya gluten, puloteni ya mu tirigu ija, ndi mkaka amachira kapena kusintha kwambiri, pali mayi wina pa Facebook amaonetsa mavidiyo a mwana wake. Ndayamba kugula ufa ndi mabisiketi olembedwa gluten free koma eish mitengo yake, kabuledi kakang'ono mtengo ngati wa atatu. Pali amene akudziwa kopeza motchipa?

Mayi wa awiri:
Takulandirani asisi. Inenso anandiuzapo zimenezo koma wangayu nditamuchotsera buledi ndi yogati atsala ndi chani kkkk

Anti Nesi:
Asisi takulandirani, koma ndikuuzeni mosabisa. Kafukufuku sanapeze umboni wokwanira woti kuchotsa gluten ndi mkaka kumasintha autism, ndipo bungwe la NICE lomwe limalemba malangizo a zachipatala ku England linanena momveka kuti zakudya zosala zoterezi zisagwiritsidwe ntchito pofuna kuchepetsa zizindikiro za autism. Autism si matenda oti mwana achire ndi chakudya. Ngati mwanayo amadwala mmimba, kutsegula, kudzimbidwa, kuonda, pamenepo mpofunika kuyezetsa chifukwa atha kukhala ndi vuto lina pambali. Koma kumusalitsa chabe mukutaya ndalama komanso mukumuchotsera calcium ndi zina zomwe amapeza mu mkaka, mwana woti amadya kale zochepa.

Wongolowa kumene:
Koma anti mwana wa mayi uja akuoneka kuti anasinthadi, ndipo ine ndikuona ngati wanga akugona bwinoko chiyambireni. Munthu ukakhala ndi mwana wotere umayesa chilichonse, madokotala nawonso samatipatsa yankho.

Make kamtsikana:
Asisi palibe akukuweruzani, tonse tinayesapo zinthu. Ine wanga ali ndi Down syndrome komanso celiac, matenda oti gluten imaononga matumbo, ana a Down syndrome amaipeza kawirikawiri kuposa ena, nde kwa ife kusala gluten si kufuna ayi ndi mankhwala. Ndikupempheni chinthu chimodzi, ngati mukuganiza kuti gluten ikumuvuta kamuyezetseni magazi MUSANAMUSIYITSE, chifukwa akasiya kudya tirigu kwa nthawi zotsatira zimatuluka ngati alibe kanthu, ndiye mudzayenera kumubwezeranso pa tirigu masabata angapo kuti ayezedwe. Mukatero mudziwa zoona m'malo molipira moyo wonse chinthu chongoganizira.

Ndipo kwa amene mukusaladi, chinsinsi ndi choti musamathamangire shelefu yolembedwa gluten free. Gluten ili mu tirigu, barele ndi rye. Mpunga, chimanga, mbatata, nyemba, mazira, nyama, nsomba, masamba, zipatso, mkaka, zonsezi zilibe gluten chibadwire ndipo zili pa mtengo wa aliyense. Zodula ndi zomwe akuyesera kufanizira buledi ndi mabisiketi. Ife timagula buledi wapaderayo mmodzi, kumudula, kuika mufiriza, wa kusukulu basi. Banja lonse madzulo timadya zopanda gluten kuti ndisamaphike kawiri komanso kuti nyenyeswa zisamalowe mchakudya chake, chifukwa muyezo woti chinthu chilembedwe gluten free ndi 20 mg pa kilogalamu, ndi kochepa kwambiri, mpeni umodzi wopakira batala utha kuononga zonse. Zomwe muyenera kuwerenga lebulo ndi masoseji, supu wa mpaketi, soya sosi, zokometsera zosakaniza ndi oats chifukwa amagayidwa malo amodzi ndi tirigu.

Wongolowa kumene:
Zoyezetsazo sindimadziwa, ndikafunsa. Zikomo amayi.

Wowerengera:
Ndibwerere ku masamu pang'ono poti ndi kumene ndimakonda kkk. Musamayang'ane mtengo waukulu uja, yang'anani tizilembo tating'ono pansi pake ta mtengo pa 100 g kapena pa kilogalamu kapena pa lita, ngati palibe tulutsani foni mugawe nokha. Paketi yaikulu si nthawi zonse imakhala yotchipa, pena tiwiri tating'ono ta pa selo timaposa. Makampani amachepetsanso zamkati mtengo nkusiya womwewo, botolo looneka chimodzimodzi koma magalamu atsika. Zodula amaziika pa shelefu yoyang'anana ndi maso, werama kapena yang'ana mmwamba ndi komwe kuli za dzina la shopuyo. Ndipo ndili ndi kanotsi mufoni ka mitengo ya zinthu za mwana wanga zosasintha zija, nde ndikaona chikwangwani chofiira ndimadziwa ngati ndi selo yeniyeni kapena angokweza sabata yatha nkutsitsanso.

Mlongo wake:
Zonsezo ndi zabwino achimwene koma kuwerenga tizilembo kumafuna munthu amene manja ndi maso ake ndi omasuka. Ine ndimasamala mchimwene wanga wamkulu, ali ndi khunyu komanso ulumali wa ubongo, amayenda pa njinga ya olumala, nde tangoganizani kukankha njinga ndi dzanja limodzi trolley ndi linalo kenako mutulutse kakyuleta kkkkk. Ine masamu ndimapangira kunyumba usiku iye atagona. Ndimaoda pa intaneti nkukangotenga pakhomo pa shopu kapena kubweretseredwa. Anthu amadandaula ndalama yobweretsera koma werengerani thiransipoti ya anthu awiri, zinthu zomwe mumatola chifukwa mwatopa kapena mukufuna kuti akhale chete, ndi tsiku lonse lomwe latha, mupeza kuti ndi yochepa. Ubwino wina listi yakale imasungika, sabata yamawa nkungodina kuti zomwezo.

Koma samalani ndi kabokosi kololeza kuti akusinthireni chinthu chikatha. Pa zinthu za wodwala chongani kuti AYI, chifukwa wolongedza sadziwa kuti yogati ina si yogati kwa mwana wanu, kapena kuti ya kampani inayo ili ndi mtedza. Ife anatibweretserapo juwisi wa grapefruit m'malo mwa wa malalanje, chonsecho achimwene amamwa mankhwala a khunyu a carbamazepine ndipo grapefruit imakweza mankhwala amenewa mmagazi.

Mayi wa awiri:
Iii zimenezo ndi zoopsa. Koma kuoda pa intaneti sikuti kulikonse kumatheka, nanga masiku oti ndiyenera kulowa naye basi?

Mlongo wake:
Pitani nthawi yomwe shopu ilibe anthu, akangotsegula mmawa mkati mwa sabata, osati kumapeto kwa mwezi kapena madzulo anthu akuweruka. Listi ilembeni motsata mmene mashelefu aliri mushopumo kuti musamabwerere mmbuyo, ndipo muzipita shopu imodzimodzi kuti nonse muidziwe. Adye kaye musananyamuke. Mahedifoni otseka phokoso ndi chipewa chotchinga magetsi zimathandiza ambiri.

Komanso funsani manejala, musaope. Mashopu ena anayamba kukhala ndi ola lachete, amathimitsa nyimbo, kuchepetsa magetsi ndi kutsitsa kulira kwa mashini. Morrisons ku UK inayamba mu 2018 Loweruka lililonse 9 mpaka 10 mmawa, Walmart ku America kuyambira 2023 imachita tsiku lililonse 8 mpaka 10 mmawa. Sizimawadyera ndalama iliyonse nde manejala wanzeru savuta makolo angapo akapempha pamodzi. Kulinso trolley yokhala ndi mpando waukulu wa mwana wamkulu kapena munthu wamkulu, Caroline's Cart, anaiyambitsa ndi mayi wina wa ku Alabama dzina lake Drew Ann Long chifukwa cha mwana wake, ine ndikanaipeza pafupi bwenzi nditavina.

Mphunzitsi wa kalasi yapadera:
Apa ndisiyane nanu pang'ono achemwali. Kuoda pa intaneti ndi kwabwino koma tisafike poti mwana asamaione nkomwe shopu, adzakula ndipo adzafunika kudziwa kugula. Chomwe ndimauza makolo ndi choti musaphatikize zinthu ziwirizi. Kugula kwa mwezi pangani nokha kapena pa foni. Ulendo wa mwana ukhale wina, wa mphindi zochepa, zinthu ziwiri kapena zitatu, listi ya zithunzi ali nayo mmanja iyeyo, akapeza chinthu achonge, alipire, mutuluke zinthu zisanaipe. Akatuluka akuseka ulendo winawo savuta.

Mlongo wake:
Aphunzitsi mukunena zoona koma zimenezo zimafuna mphamvu zomwe ena sabata zina tilibe. Pali nthawi yophunzitsa pali nthawi yongofuna kuti mnyumba mukhale chakudya, munthu asamadzimve kulakwa.

Mphunzitsi wa kalasi yapadera:
Sindikutsutsa, sabata yovuta isiyeni ipite.

Mayi wa shuga:
Ndalowa mochedwa ndawerenga zonse. Mnyamata wanga ali ndi shuga ya type 1. Kwa anzanga a shuga, zinthu zolembedwa kuti ndi za odwala shuga, chokoleti, jamu, mabisiketi, zisiyeni, ndi zodula ndipo zimakwezabe shuga, zambiri zili ndi zotsekemeretsa ngati sorbitol zomwe zimatsegula mmimba mwana akadya zambiri. Mwana amadya chakudya wamba, chofunika ndi kuwerenga ma carbohydrate nkugwirizanitsa ndi insulin. Pa lebulo muziona mzere wa pa 100 g nkuyeza pa kasikelo ka kukhitchini chifukwa gawo lomwe kampani imati ndi la munthu mmodzi nthawi zambiri si lomwe mwana amadya. Ndinajambula malebulo a zinthu zomwe timagula kawirikawiri nkuika mu foda imodzi pa foni, aliyense womusamala ali nayo, nde sindiima mushopu kuwerenga chinthu chomwecho mwezi uliwonse. Za shuga ikatsika simufunika ma gel odula nthawi zonse, magalamu pafupifupi 15 a shuga wothamanga, kajuwisi kakang'ono kapena shuga wamba mmadzi, kudikira mphindi 15 nkuyezanso, ana aang'ono amafuna ochepera malinga ndi mmene chipatala chinakuuzirani.

Make kamtsikana:
Zojambula malebulo ndi nzeru koma kwa ife a celiac ndi a ziwengo muzionabe mndandanda wa zosakaniza pa paketi iliyonse yatsopano, makampani amasintha resipe osalengeza. Makamaka mukaona palembedwa kuti kukoma kwatsopano, pamenepo imani.

Anti Nesi:
Poti mwatchula ziwengo, mwana amene thupi lake limadana ndi mkaka wa ng'ombe musamugulire wa mbuzi poganiza kuti mwapeza njira yotchipa, mapuloteni ake ndi ofanana kwambiri ndipo ambiri amatupa nawo chimodzimodzi. Wopanda lactose, shuga wa mu mkaka uja, nawonso ndi wa vuto lina, puloteni ija ilimobe. Mkaka wa mpunga ana osakwana zaka 5 amalangizidwa kuti asamamwe chifukwa cha poizoni wa arsenic.

Bambo wa mapasa:
Palibe watchula matewera koma kwa ife ndi amene amadya ndalama kuposa chakudya. Mwana akapitirira msinkhu wa matewera a makanda mitengo imalumpha. Zomwe taphunzira, musagule bokosi lalikulu musanayese kapaketi kakang'ono chifukwa saizi imayendera chiuno osati zaka ndipo kampani iliyonse imadula mosiyana, thewera lalikulu kwambiri limadontha kuposa lomukwana. Masana timagwiritsa otchipa poti timasintha pafupipafupi, usiku okha ndi amene timaika amphamvu aja ndi kapadi koonjezera mkati. Kuvalika awiri pamodzi ndi kutaya ndalama chifukwa lamkatilo lili ndi pulasitiki kunja, madzi sadutsa amangotulukira mmbali. Pa bedi nsalu yosalowa madzi yochapa, ziwiri zosinthana, m'malo mwa zotaya. Ndipo funsani kuchipatala kapena ku ofesi yoona za anthu a ulumali komwe muli ngati pali thandizo la matewera, mkaka wapadera kapena ufa wolimbitsira zakumwa, maiko ena amapereka dokotala akalemba, koma sakuuzani mukapanda kufunsa.

Agogo osatopa:
Nanga bwanji osathandizana? Ine ndi mayi wina wa mwana wa ulumali timasinthana, sabata ino iye akagulira nyumba zonse ziwiri ine ndatsala ndi ana, sabata inayo ine. Thumba lalikulu timagawana pakati. Womusiyira mwana wotere amavuta kupeza koma kholo linzako limadziwa kale zochita, silichita mantha mwana akayamba kukuwa.

Wowerengera:
Agogo pamenepo mwabweretsa ganizo, bwanji pa gulu pano tizilengeza zinthu zomwe mwana wakana zisanatsegulidwe, kapena matewera omwe achepa, wina atenge tisinthane?

Admin:
Ganizo labwino, nditsegula positi yake payokha kuti zisasokonezeke ndi zokambiranazi. Malamulo awiri, zikhale zosatsegula komanso tsiku lisanadutse, ndipo mankhwala, insulin, mkaka wolembedwa ndi dokotala ndi zakudya za pa chubu AYI, zimenezo zimapatsidwa kwa mwana mmodzi malinga ndi vuto lake. Mwana wa PKU, matenda obadwa nawo oti thupi limalephera kugaya gawo lina la mapuloteni, mwachitsanzo kumupatsa mkaka wa mwana wina ndi kumuvulaza.

Mayi wa awiri:
Pa tsikulo ndifunse, ndimaona mapaketi ena alembedwa best before ena use by, mashopu amatsitsa mtengo zikayandikira, ndi zotetezeka?

Anti Nesi:
Best before ndi za kukoma, likadutsa chinthu chouma ngati mpunga, pasta, zamzitini chimadyekabe ngati paketi ili bwino. Use by ndi za chitetezo, nyama, nsomba, mkaka wa mufiliji, limenelo musadutsitse, koma mutha kugula zotsitsidwazo nkuziika mufiriza tsikulo lisanakwane. Filiji ikhale pa 5°C kapena kutsika, firiza pa -18°C. Inu amene mwana wanu amadalira mpunga mverani apa, mpunga wophika usakhale panja nthawi yaitali, muli kachilombo kotchedwa Bacillus cereus komwe sikafa ndi kuphika ndipo poizoni wake satha ndi kutenthetsa. Uyaleni pa mbale yotakata uzizire msanga mkati mwa ola limodzi, mufiliji tsiku limodzi, wotsala mufiriza mmagawo a kudya kamodzi, ndipo kutenthetsa ndi kamodzi kokha mpaka utuluke nthunzi. Mwana amene chitetezo chake cha mthupi ndi chofooka, zotsitsidwa mtengo za nyama ndi mkaka ndingakonde muzipewe.

Make kamtsikana:
Mazira owiritsa okha musaike mufiriza, choyera chija chimasanduka labala, ndipo yogati ikasungunuka imalekana madzi, wa inuyo mayi angaikane. Masamba ogula owumitsidwa kale mufiriza ndi abwino, zofunika mthupi zilimo ngati atsopano ndipo satayika, umangotapa omwe ukufuna.

Bambo wa mapasa:
Nyemba zouma nazonso zimatchipa kuposa zamzitini ndipo zimagayika bwino, kuphika mphika waukulu nkugawa. Zofiira zija ziwire mwamphamvu mphindi 10 kaye musanatsitse moto kapena kuziika mu slow cooker, apo bii zimapweteka mmimba. Kwa womeza movutikira muzisefa makoko mukagaya.

Wongolowa kumene:
Nanga magetsi akazima zonse mwasunga mufirizazo sizionongeka? Ine ndi chimene chimandiopsa kuphikiratu zambiri.

Bambo wa mapasa:
Osatsegula chitseko basi asisi. Firiza yodzaza imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, ya theka maola 24, filiji wamba maola 4 okha. Mipata yotsala timadzazamo mabotolo a madzi kuti ikhale yodzaza nthawi zonse, magetsi akachedwa mabotolo omwewo timasamutsira mu cooler box pamodzi ndi zakudya za mwana. Zomwe zikadali ndi ayisi mkati mutha kuziumitsanso, koma zogaya za nyama kapena mkaka zomwe zasungunukiratu nkufunda timataya. Nchifukwa chake ife sitigaya za mwezi wonse, za sabata imodzi kapena ziwiri basi.